Phulusa la ku Joni

Kapu ija inali yachitsulo, yobenthuka m'mphepete, ndipo amayi anamangirira kaulusi kofiira pachogwirira kuti wina asamwere. Inali ya malume, amene anafika kwathu ku Kawale m'nyengo yozizira ataonda ngati bango. Anachokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri pafakitale yopanga magetsi pogwiritsa ntchito malasha, akupala phulusa m'ng'anjo ndi m'mapaipi.

Masiku amenewo munthu wochokera kunja akaonda n'kumatsokomola, anthu sankavutika n'kufunsa. Kumpopi ankangonong'onezana kuti, "Ndi kaliwondewonde basi." Anasiya kubwereka lichero kwathu. Anzanga analetsedwa kuponda pakhomo pathu, moti phada ndinkajambula ndekha, kudumpha ndekha, n'kudzinamizanso ndekha.

Malume ankangofuna munthu mmodzi wowakhulupirira. "Achemwali, si zimenezo ayi, ndi phulusa lija," ankatero. Amayi ankagwedeza mutu, koma kapu ankaitsukabe payokha. Sindiwadzudzula, anali ndi mantha. Ndipotu ndani akanamva zoti phulusa, lomwe timatsukira mapoto, lingadye munthu? Komabe zimandipweteka mpaka lero.

Tinatsala awiriwiri, osowa ocheza nawo. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pamkeka kuseri kwa nyumba akuthamangitsa kadzuwa, atafunda bulangete lonunkha mafuta opaka pachifuwa. Zikhatho zawo zinali zong'aluka, zotuwa m'ming'alumo ngakhale asambe chotani.

Nditakula ndinamva kuti m'malasha muli tizinthu ta m'nthaka totulutsa cheza choopsa chosaoneka ndi maso, ndipo malasha akapsa timatsalira m'phulusa. Malume anamwalira mvula isanagwe, ndipo sindidziwa ngati ndi timeneti tinawatenga. Palibe anawayeza kuchipatala. Pamaliro panabwera anthu owerengeka.

Koma pali nkhani imene ndinkawaumiriza kuti abwereze. Ankati tsiku lina kuntchito kunabwera mabwana atavala zotchinga pamphuno, atanyamula kabokosi koyezera cheza chija, kolira ngati nkhululu. Ankakayandikitsa paphulusa, kenako pa ovololo ya wantchito aliyense, iwo ataima chapatali. Malume ankatsanzira kulirako ndi lilime, tche, tche, tche, mpaka chifuwa chiwadule.

"Kanalira kwambiri pa ndani?" ndinkafunsa, yankho ndikulidziwa kale.

"Pa ine, mwana wanga. Mabwana anangoyang'anana."

Ine ndinkaomba m'manja n'kumadumpha, ndikunyadira kuti malume anga anaposa anzawo onse.