Nkhani Imene Sindinawamalizire Bambo Anga

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Songani, ndipo ndivomere poyamba pomwe: ndinawasiya bambo anga pakati pa nkhani, mpaka anatisiya asanamve mathero ake. Mwina mukuona ngati n'zazing'ono. Inenso ndinkaona choncho.

Mayi atamwalira, amalume sanachedwe kuwasudzula bambo. Za chikamwini mukuzidziwa: mkazi akapita, mwamuna amauzidwa kuti wamasuka, abwerere kwawo. Mawuwo ndi okoma, koma munthu amene wakalambira pamudzipo, amene walima mpunga ku Likangala mpaka msana kupindika, kwawo n'kuti? Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo wachibale amene anatsala anali msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo, kumudzi wina wa kwa Kuntumanji m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Iye anawapatsa kanyumba kumapeto kwa mudzi, koyang'ana kumabango. Munda unatsala kwa amalume. Ine, wophunzira wa pabanjapo, ndinangoti duu.

Tsiku lowaperekeza ndinatenga kabuku kakale ka nkhani zazifupi, kothothoka chikuto. Muli nkhani ina imene ndimaikonda kuposa zonse, moti anzanga ndinawatopetsa nayo. Ndi ya nkhalamba yowolotsa anthu pamtsinje. Inathamangitsa mwana wake yekhayo chifukwa chotaya nkhafi, kenako panamangidwa mlatho, anthu n'kusiya kubwera padoko. Nkhalambayo inkapitabe m'mawa uliwonse kukakapa madzi m'bwato, maso ali kutsidya.

Taonani nzeru zanga: munthu wosungulumwa ndinamutengera nkhani ya kusungulumwa ngati mankhwala! Maso a bambo anali atachita ng'ala, choncho ndinawawerengera pakhonde. Ankamvetsera atatsamira khoma, nthawi zina n'kumanditsutsa kuti wolembayo sanakwerepo bwato. Nditafika pamene nkhalamba ija yaona munthu akutsikira kumtsinje chapatali, wakabaza amene anandibweretsa anayamba kuliza hutala, akuti mvula ikubwera, msewu uterera. Ndinathyola kaudzu n'kuika patsambalo.

"Ndidzamaliza ndikabweranso, Ababa."

"Usachedwetu, mwana wanga. Ndikufuna ndimve ngati ndi mwana uja."

Inu owerenga, kuchoka ku Songani kukafika kumeneko si ulendo wogonera panjira. Koma zifukwa sizinandisowe: kuchonga mayeso, ukwati wa mnzanga, kwaya yakumpingo, matope. Matope atauma ndinayamba kunena za fumbi. Achimwene anga a ku Blantyre ankati ine ndiye ndili pafupi, ine ndinkati iwo ndiye aakulu. Tinkakankhirana bambo pafoni ngati katundu wosowa mwini. Ndinkapatsira wakabaza uja shuga ndi sopo, n'kumadziyesa mwana wabwino.

Ndikaimba pafoni ya msuweni, bambo sankadandaula za njala kapena msana. Funso lawo linali limodzi: "Kodi mwana uja anabwera?" Linkandinyansa funso limeneli, ndisaname. Tsiku lina ndinapsa mtima.

"Ababa, pamudzi ponsepo palibe wodziwa kuwerenga? Auzeni asuweni akumalizireni!"

Iwo anati, "Anafuna, ine ndinakana. Amalize yemwe anayamba."

Ndikanatha kuwauza mathero pafoni pompo, koma sindinatero poti matherowo ndinkawadziwa. Wotsikira kumtsinje uja sanali mwana ayi, anali munthu wofuna kugula bwatolo kuti akawaze nkhuni. Ndinaopa kuwauza zimenezo, ndinachitanso ulesi kupita. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti sabata yomweyo ndinali m'kalasi, ndikukalipira ana a eni kuti ali ndi mitima yamwala, sakumva chisoni cha nkhalamba ija. Ndinalemba pabolodi mawu akuti KUSUNGULUMWA, n'kudula mzere kunsi kwake. Ine ameneyo!

Uthenga unandipeza m'mawa ndikulowa m'kalasi. Msuweni anati anawapeza pakhonde pomwe paja, atatsamira khoma, atazizira kale. Ulendo umene unandikanika miyezi yonseyo ndinauyenda dzuwa lisanafike pamutu. Kabuku kaja bambo anali atakatsomeka kudenga, m'jumbo kuti kasanyowe, kaudzu kali pomwe ndinakasiya. Msuweni anandiuza kuti Loweruka lililonse bambo ankasesa pakhonde n'kuyala mkeka, ndipo akamva njinga yamoto ankadzuka.

Mpaka lero mtima sunatsike. Ndimakwiyira amalume amene anathamangira munda maliro a mayi asanazizire. Ndimakwiyira mwambo umene umauza nkhalamba kuti ili ndi kwawo pomwe kulibe woidziwa. Ndimakwiyira achimwene. Koma ndikamaliza kuzungulira onsewo, mkwiyo umabwerera kwa ine ndemwe, chifukwa palibe amene anandimanga miyendo. Ndiponso ine amene ndimadyera kumasulira nkhani, ndinalephera kumva kuti mwana amene bambo ankamufunsayo sanali wa m'buku yekha.

Nkhani ya nkhalamba yowolotsa anthuyi ndimauzabe aliyense kuti aiwerenge. Muifunefune m'mabuku akale aja, ndi yaifupi, ndipo ikakulowani situluka. Koma chonde musaiwerengere mayeso ngati ine. Ngati muli ndi kholo lokhala lokha, makamaka bambo wosudzulidwa amene aliyense akuti ali kwawo, musadzinamize ndi shuga wopatsira wakabaza. Pitani, mukakhale pamkeka, ndipo chimene mwayamba mukachimalize tsiku lomwelo, mvula igwe isagwe.

Ine ndinakawamalizira pamanda, anthu atabalalika. Nditafika pamene munthu uja akutsikira kumtsinje, ndinatseka kabuku n'kuwanamiza kuti anali mwana uja, wabwera. Ndinadikira kuti anditsutse monga ankachitira pakhonde paja. Sananditsutse.