Maswiti a M'chikwama Changa

Anzanga, ine ndi chibwenzi changa chakale tinakumana chifukwa cha firiji ya ku saluni komwe ndimaluka tsitsi. Inafa tsiku lotentha, ine mtima uli m'mwamba poti insulini wanga amakhala momwemo.

Wokonza atabwera anapeza kabotolo kanga kuseri kwa zakumwa.

"Achemwali, awa ndi mankhwala a tsitsi?"

"Ayi achimwene, umenewo ndi moyo wanga. Fulumirani!"

Anaseka, koma pasanathe ola firiji inayambanso kulira. Kuchokera pamenepo ankabwera sabata iliyonse "kudzaiona", chonsecho ili bwinobwino. Atsikana a pa saluni anamutcha Bambo Firiji.

Ndinamuuza zonse za matenda anga a shuga. Ndili ndi zaka 14 ndinayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda mpaka siketi kumavuka yokha. Adokotala anati chitetezo cha m'thupi mwanga chinaukira kapamba wanga yemwe, ndiye sapanganso insulini. Sikuti ndinkadya shuga wambiri ayi. Ndimadzibaya kanayi pa tsiku, ndipo shuga akatsika kwambiri, chondipulumutsa ndi switi. N'chifukwa chake m'chikwama mwanga simusowa maswiti.

"Ndamva, babe," ankatero, akundigwirira kachipangizo koyezera magazi.

Ndinamukonda, sindinama.

Lachisanu lina anandiperekeza kuntchito atandinyamulira chikwama. Masana ndinadzibaya, ndisanadye mkwatibwi analowa akuthamangira nthawi. Ndikumuluka, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Ndinapisa m'chikwama... mulibe ndi limodzi lomwe!

Ndinatsitsimukira kuchipatala, abwana anga atandigwira dzanja.

Bambo Firiji anabwera chakumadzulo, maso ali pansi.

"Sorry... maswiti aja ndinachotsa ndine m'mawa muja. Amayi anga anati munthu wa shuga sadya maswiti."

"Koma iwe, si ndinakufotokozera?"

"Ndimangoti ukudzikhululukira. Umakonda zotsekemera."

Sindinakalipe. Ndinangomva kuwawa kuposa majekiseni onse amene ndadzibaya pa zaka khumi. Miyezi isanu ndi itatu akugwedeza mutu, kumtima akuti ndikunama.

Ndinamuthokoza pobwera kudzandizonda, kenako ndinamupempha kuti asadzabwerenso.

Amandikonda, zimenezo sindikukana. Koma anzanga, munthu amene sakhulupirira zomwe ukumuuza za thupi lako lomwe angathe kukupha akuganiza kuti akukusamala.

Firiji ija ikugwirabe ntchito bwinobwino. Chikwama changa masiku ano ndimanyamula ndekha.