Chala cha a Fanuelo Sichinadinde

Puloti ya mpunga ya a Fanuelo Namakhwa inkachita malire ndi yanga ku sikimu ya Likangala, ndiye kwa zaka khumi ndinkawaona m'mawa uliwonse, thalauza atapinda mpaka m'maondo, akukangana ndi mbalame. Anali munthu wamfupi, wolongolola, wodziwa chilichonse. Poyamba anali msodzi ku Kachulu. Nyanja itaphwa mu 1968 anasiya bwato lili chafufumimba pamatope n'kudzagwira khasu, ndipo ankauza aliyense kuti matemba anathawa chifukwa choopa iwowo. Ankanditopetsa, koma ndinkawakonda.

Kuiwala kunayamba akazi awo atamwalira. Tsiku lina anatsegula madzi nthawi yosakhala yawo, mbande zanga zonse n'kumira. Ndinawakalipira mpaka mawu kusasa. Iwo anangondiyang'ana, kenako anandifunsa mwaulemu kuti ndine mwana wa yani. Mkwiyo unathera pomwepo, ndinayamba kuchita mantha.

Amene ankawasamala ndi mwana wawo Christina, mayi wa ana anayi yemwe banja linamuthera. Pulotiyo ndi imene inkadyetsa nyumba yonse, koma m'buku la komiti inalembedwa m'dzina la bambo ake. Kwathu kuno mwamuna akalephera, zake zimayang'aniridwa ndi mwana wa mlongo wake, osati mwana womubereka yekha. Mwana wa mlongo wa a Fanuelo anali Makisoni, amene chiyambire sanapondepo matope a mpunga. Ntchito yake inali kuima pachipata cha msika, atavala malaya ofiira, kufunsa anthu makadi a chipani.

Christina anapita kukafunsa nzeru kwa kalaliki wa kukhoti. Kalalikiyo anamuuza kuti njira ilipo: bambo ake abwere okha, ayankhe mafunso osonyeza kuti mutu ukuyenda, anene ndi pakamwa pawo kuti puloti ndi zonse akuzisiya m'manja mwa mwana wawo, adinde chala papepala. Anamuchenjeza kuti afulumire, chifukwa munthu wosokonezeka mutu chidindo chake n'chopanda ntchito.

Vuto linali nyimbo. A Fanuelo ankaiwala kuti adya, koma sanaiwale nyimbo ina ya masiku omenyera ufulu, yotamanda anthu amene pambuyo pake anathawa m'dziko. Mayina amenewo sankatchulidwa, ngakhale ponong'ona. Tinkadziwa anthu amene anakwezedwa galimoto chifukwa cha zochepa kuposa zimenezo, ndipo mabanja awo sankafunsa n'komwe kumene apita. A Fanuelo akangomva kamvekedwe kake, ngakhale mluzu chabe, ankayiyamba mokweza. Christina ankawathamangitsira m'nyumba n'kuyamba kusinja mumtondo mopanda kanthu kuti nyimboyo isamveke kunja.

Milungu itatu tinawaphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Dzina lanu ndani, chaka chino ndi chanji, mayi uyu ndi ndani wanu. Tinapeza kuti m'mawa nzeru zinkabwera, masana n'kuchoka, ndiye Christina anapempha kuti nkhani yawo idzakhale yoyamba.

Kenako anachita chimene mpaka lero chimandipweteka. Anati sangatengere bambo ake kukhoti osauza kwawo kumene anabadwira, anthu angati waba munthu. Ndinamuletsa, ndinamunena kuti ndi wopusa, koma ndivomereze kuti ukanakhala mwambo wa bambo anga inenso ndikanapita. Anakawauza achibalewo tsiku ndi nthawi yomwe. Makisoni anamulandira bwino, anamuyalira mphasa. Anali asuweni, ndipo msuweni amaloledwa kunena chilichonse n'kuti ndi nthabwala.

"Iwe mkazi wanga," anatero akuseka, "ukawasambitse bwino atsibweni. Ndamva kuti masiku ano ali ndi mawu okoma."

Christina anasekanso, chifukwa ndi mmene amayankhira msuweni. Atafika kunyumba sanadye.

Tsiku lopita kukhotilo tinawakweza a Fanuelo panjinga, ife awiri tikukankha. Anavala jekete lawo la kutchalitchi. Khotilo linali chipinda chimodzi cha malata, mabenchi asanu ndi limodzi, ndipo pabenchi lakumbuyo panali Makisoni ndi anzake awiri a malaya ofiira, manja ali pachifuwa.

Sindinawaonepo a Fanuelo ali bwino chotero chaka chonsecho. Anatchula dzina lawo, mudzi wawo, ngakhale nambala ya puloti imene ife sitinawaphunzitse. Wapampando wa khotilo atafunsa za mayi amene anaima pambali pawo, anati ndi Christina, mwana wawo wachiwiri, amene amawaphikira. Kalaliki anatsegula kabokosi ka inki n'kutembenuza pepala kuti liyang'ane kwa iwo.

Pamenepo ndi pamene ndinamva kamluzu kuchokera kumbuyo, kapansipansi, ngati ka munthu amene akungodikira basi. Wapampando sanakamve, kapena anasankha kusakamva. A Fanuelo anatukula mutu. Phazi lawo linayamba kugunda pansi, milomo n'kutseguka, mawu oyamba n'kutuluka. Dzina loyamba linali pamzere wachiwiri wa nyimboyo, ndipo tonse m'chipindamo tinkadziwa.

Christina anawatseka pakamwa ndi dzanja n'kutembenukira kwa wapampando.

"Pepani bwana, ndakutayitsani nthawi. Bambo angawa ndi amisala. Sadziwa chimene akunena, sadziwa kumene ali, ineyo sandidziwa. Zonse ayankhazi ndinachita kuwaloweza."

Wapampando anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti anamvetsa zonse. Anauza kalaliki kuti alembe kuti mkuluyu ndi wodwala mutu, mawu ake alionse asawerengedwe, ndipo zake ziyang'aniridwe ndi abale ake monga mwa mwambo. Kalaliki anatseka kabokosi ka inki. Makisoni anadzuka, anagwira a Fanuelo dzanja ndi manja awiri, n'kulonjeza pamaso pa khoti kuti atsibweni ake sadzasowa kanthu.

Pobwerera a Fanuelo anakana kukwera njinga. Anayenda patsogolo pathu mtunda wautali, jekete atakoleka paphewa. Titafika pamlatho anaima n'kudikira kuti mwana wawo awapeze.

"Christina," anatero mwakachetechete, "lero ndimakudziwatu."

Christina anangoti, "Ndikudziwa, ababa."

Mpunga wa chaka chimenecho anakolola ndi aganyu a Makisoni. A Fanuelo anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, m'nyumba ya mwana wawo, ndipo palibe galimoto inabwera kudzawatenga. Zambiri zinafufutika m'mutu mwawo, koma za kukhotizo zinakana. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankamuuza okha, asanapereke n'komwe moni, kuti asawamvere chifukwa mwana wawo anati ndi amisala.