Pakamwa pa a Mvula

A Cyril Mvula a ku Mindolo atapuma ntchito ya mumgodi anagula lole yakale, nayamba kuyenda ngati bwana. Zonenerera mitengo ankati n'zosayenera bwana. Aliyense wofuna lole ankamuuza kuti, "Kambani ndi mlamu wanga Jesse. Pakamwa pake ndi panga." Anazinena ngakhale pabwalo la tchalitchi, anthu onse akumva.

Loweruka lina a Mvula anavala suti, poti anali atalonjeza okha kutengera amayi a Mvano ku msonkhano ku Ndola. Asanalize lole, pageti panafika Mayi Priscah a ku Nkana West. Jesse anali atavomera kuti m'mawa womwewo lole ikawatutira manyowa a nkhuku a kudimba.

"Ine sindinavomere zimenezo, mayi," anatero a Mvula.

"Munavomera, bambo. Munangogwiritsa ntchito pakamwa panu pena paja."

A Mvula ndi mkulu wa mpingo, sakanadya mawu awo pamaso pa anthu. Anavula jekete, nakatuta manyowa. Pobwera anatsuka lole ndi sopo, koma nkhuku siziiwalika msanga. Amayi a Mvano, m'mabulauzi awo oyera, anaimirira njira yonse mpaka ku Ndola, ndipo palibe anayambitsa nyimbo.

Madzulo a Mvula anamukalipira Jesse. Iye anamvetsera mpaka atatha, kenako anati, "Alamu, pakamwa munandipatsa, koma za Loweruka munasunga m'mutu mwanu. Mundipatsenso mutuwo."