Ndinagwa Anthu Akuwomba M'manja

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa nzimbe. Munali m'sabata yoyamba ya Ogasiti, masewero a Olimpiki ali mkati, ndipo ndinali nditakhala pakhomo pa holo yanga yoonetsera kanema pa Nsaru ndikulandira anthu. Nditati ndilume nzimbe, kukamwa kunakana kutseguka monga mwa masiku onse. Nsagwada zinali zolimba ngati za munthu amene waswera kukukuta chimanga chokazinga. Ndinaganiza kuti ndi mphepo ya nyengo yozizira ija, ndipo nzimbeyo ndinapatsa munthu wina.

Nkhaniyi inayamba kumapeto kwa Julayi. Masewero atatsala pang'ono kutsegulidwa, ndinaona kuti mabenchi achepa. Anthu anali atagulitsa fodya ndi mtedza, kumunda kunalibe ntchito yambiri, ndipo aliyense ankafunsa ngati ndidzaonetsa za Olimpiki. Ndinapita kumudzi kukagumula khola lakale la ng'ombe kuti matabwa ake ndikhomere mabenchi ena. Ndili m'kholamo ndinaponda msomali wadzimbiri umene unali utakwiririka m'ndowe zouma. Unaboola silipasi n'kulowa kuphazi lakumanzere. Magazi sanatuluke ambiri. Dalaivala wina wa minibasi anandithira mafuta a mabuleki pabalapo, monga mmene ambiri amachitira kuno, ine n'kumangapo kansanza. Mkazi wanga, Nabanda, anandiuza kuti ndipite kuchipatala tsiku lomwelo. Chipatala sichili kutali, koma ndinamuyankha kuti dishi ya kanema ikasokonekera ine kulibe, ndani aikonze? Pakamwa pa balalo panatsekeka msanga, ndipo nkhani ndinaiyesa yatha.

Holo inkadzaza kuposa mmene imadzazira pa mpira wa ku Ulaya. Kunkabwera ngakhale amayi ndi akuluakulu a mpingo amene sapondako masiku ena. Amayi ankadandaula kuti masewero aakulu chonchi alibe ntchemberembaye, ndiye ndi aakulu pati? Alimi ankakonda oponya nthungo, n'kumanena kuti agogo awo akanatenga mendulo zonse. Osambira sankawakhulupirira kwenikweni, ankati madzi oyera choncho ayenera kuti ali ndi mankhwala opepukitsa thupi. Wotsogolera mikangano yonseyi anali a Kamwendo, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo wathu. Mawu awo ndi aja osafuna chimkuzamawu. Akati afotokoze malamulo a masewero, anthu ogulitsa tomato kumsika ankamva nawo.

Tsiku lina tinkaonera mpikisano wa njinga. Wopalasa wina anagwa n'kusupuka pachigongono, ndipo galimoto ya madokotala inamulondola n'kumamutsuka bala uku akupalasa. Holo yonse inafa nacho chiseko. Anyamata a kabaza anati iwo amagwa ndi matumba a mtedza pamsewu wa ku Kabudula, amangodzuka n'kudzisasa fumbi. Ine ndinakweza phazi langa m'mwamba kuti onse aone chipsera, n'kunena kuti ndinaponda msomali wa m'khola koma sindinajombe ngakhale tsiku limodzi. Anandiwombera m'manja. A Kamwendo anati amuna enieni atsala ku Nsaru kokha, ndipo ndisabise, ndinamva kukoma.

Kuchokera tsiku la nzimbe lija zinthu zinayamba kuipa mofulumira. M'mawa mwake khosi linauma, moti ndikafuna kucheuka ndinkatembenuka thupi lonse. Tiyi ankanditsamwa. Mimba inalimba ngati thabwa, msana ukuwawa. Ena ankati ndi matsagwidi, ena ankati ndinagonera khosi. Chimene chinasokoneza anthu kwambiri ndi nkhope yanga. Milomo inakokekera kumbali, mano ali pamtunda, ndipo aliyense wolowa m'holo ankandifunsa chimene chikundiseketsa. Nabanda yekha ndiye sanaseke. Anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, uku si kuseka ayi. Mawa tilawirire kuchipatala." Ndinavomera, koma ndinapempha kuti madzulo amenewo nditsegule kaye holo, chifukwa kunali mpikisano wothamanga umene tonse tinkaudikirira. Munali mnyamata wa kuno kummwera kwa Africa, ndipo Nsaru yense anali atamutenga ngati mwana wa m'mudzi mwathu.

Madzulo ake anthu anadzaza mpaka ena anaimirira m'mawindo. Ndinakhala kutsogolo pafupi ndi kanema, thukuta likutuluka ngakhale kunali kuzizira. Mfuti italira, othamanga anadzambatuka, ndipo pokhota paja mnyamata wathu anayamba kuwasiya anzake. Holo inaphulika. Anthu ankamenya malata, ena mabenchi, a Kamwendo akukuwa kumbuyo kwanga. Phokoso limenelo linandilowa m'thupi ngati magetsi. Minofu yonse inakokana nthawi imodzi, msana unapindikira kumbuyo, ndipo ndinagwa chagada, mutu ndi zidendene zokha zitagunda pansi. Mano analumana. Mpweya unakana kulowa.

Maso anga ankaona, makutu ankamva, nzeru zinali bwinobwino. Ndinkamva anthu akuseka kuti mwini holo wasangalala mpaka akutsanzira atsikana a pa Olimpiki odzipinda m'malere aja. Ena anandizungulira n'kumawomba m'manja, wina anandigwira paphewa n'kumandigwedeza. Kugwedeza kulikonse kunkakokanso minofu mwatsopano. Ndinkafuna kukuwa kuti ndikufa, koma kukamwa kunali kotseka. Mantha amene ndinamva pansi paja sindinawamvepo chibadwire. Amene anandipulumutsa ndi Nabanda, amene ankagulitsa zitumbuwa panja. Atasuzumira n'kuona milomo yanga ikuda, anakankha anthu, anazula waya wa kanema, n'kukuwa kuti aliyense atuluke.

Anandinyamula pabenchi limodzi mwa aja ndinakhoma ndekha. Kuchipatala cha kwathu, dokotala anayesa kunditsegula kukamwa koma ngakhale chala chimodzi sichinalowe. Anafunsa ngati ndinavulalapo posachedwa, ndipo Nabanda anamuonetsa phazi. "Aka ndi kafumbata," anatero. "Musamugwedeze, musamuwalitsire tochi kumaso, ndipo muzilankhula motsitsa." Anandibaya jakisoni wofewetsa minofu n'kuitanitsa ambulansi yopita kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Msewu wathu mukuudziwa. Bampu lililonse linkandikunga thupi, ndipo Nabanda ankangopempha dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono, kwinaku akuopa kuti tikachedwa ndithera panjira.

Ku Lilongwe anandigoneka m'kachipinda kandekha kumapeto kwa wodi. Pawindo anapachikapo bulangete kuti mukhale mdima, m'makutu anandiika thonje. Bala lija, limene ine ndinkati lapola, analing'ambanso n'kulitsuka, ndipo mkati anapezamo mafinya ndi zinyalala. Anandiika diripi, n'kulowetsa kapaipi m'mphuno kodutsira phala lamadzimadzi, popeza kumeza kunali kosatheka. Dokotala anauza mkazi wanga mosabisa kuti matendawa amapha ambiri, makamaka minofu ya pakhosi ikakokana n'kutseka mpweya, ndipo masiku oyambirira ndiwo oopsa. Anafotokozanso kuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, timakonda bala lakuya lotsekeka pamwamba, ndipo mafuta a mabuleki satifika n'komwe.

Moyo wa m'kachipindamo unali wodikira. Anamwino ankalowa monyang'ama, kusintha diripi, kundibaya jakisoni, kunditembenuza mosamala kuti ndisachite zilonda, n'kutuluka osamenyetsa chitseko. Mankhwala ankandigonetsa, koma ndikadzidzimuka ndinkamvetsera kalikonse ndi mantha: ndowa ikagwa m'khonde, mwana akalira kuwodi ina, ngolo ya chakudya ikamadutsa. Munthu amene ndinkadya za phokoso ndinayamba kuopa ngakhale supuni yogunda kapu. Nabanda ankagona pachitenje pansi pafupi ndi chitseko, ndipo sankavala silipasi m'chipindamo.

Loweruka m'mawa, masewero atatsala pang'ono kutsekedwa, odikirira odwala ena anasonkhana kuseri kwa windo langa kuwothera dzuwa. Mmodzi anali ndi foni, ndipo ankaonera mpikisano wothamanga mtunda wautali. Sankadziwa kuti kuseri kwa bulangetelo kuli ndani. Wothamanga wa ku Africa atayandikira kumapeto, anakuwa onse pamodzi, mmodzi n'kumenya pakhoma. Kukokana kumene kunandigwira pamenepo kunaposa konse. Bedi linagwedezeka, ndinadziluma lilime, ndipo pakhosi panatsekeka ndithu. Ndinaona mdima wina wosiyana ndi wa m'chipindamo. Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa: anamwino anathamanga ndi mpweya wa m'botolo, dokotala anawonjezera mankhwala m'diripi, ndipo panapita nthawi ndisanayambe kupuma bwino. Namwino wamkulu anauza Nabanda kuti kukokana kwina ngati kumeneko mwina sindingapirire.

Lamlungu masana, atatuluka m'tchalitchi, a Kamwendo anakwera minibasi kudzandiona. Nabanda atamva kuti afika, mtima unamudumpha, poti mawu awo ankawadziwa. Anakakumana nawo pageti n'kuwafotokozera zonse. Bambo aja anavula nsapato pakhomo la wodi, analowa ndi masokosi okha, n'kugwada pafupi ndi bedi. Ananong'ona motsitsa kwambiri moti ndinavutika kumva kudzera m'thonje lija. "Bambo a Tadala, mnyamata wathu uja anapambana. Inunso limbani." Atatuluka anakatenga mpando n'kukhala kuseri kwa windo langa, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndipo aliyense wobwera ndi foni ankamulozera ndi dzanja kuti apite kutali. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anabweranso masiku angapo otsatira. Mwambo wotsekera masewero, umene ankaulakalaka kuyambira pachiyambi, sanauonere.

Kuchira kunabwera pang'onopang'ono. M'sabata yachitatu kukokana kunayamba kutalikirana ndiponso kuchepa mphamvu. Namwino ankabwera m'mawa uliwonse kudzayesa kukamwa kwanga ndi zala zake. Tsiku limene chala chimodzi chinalowa pakati pa mano, Nabanda analira. Zitalowa ziwiri anachotsa kapaipi, ndipo ndinamwa phala ndi supuni, likutayikira pachifuwa ngati la mwana. Kenako anachotsa bulangete pawindo. Kuyenda ndinachita kuphunziranso, nditagwira khoma, miyendo ili gwa. Ananditulutsa chakumapeto kwa Seputembala nditaonda kwambiri. Tisanachoke anandibaya katemera wa kafumbata, n'kundiuza masiku obwereranso, chifukwa akuti kudwala matendawa sikuteteza munthu kuti asadzadwalenso. Ndinauza namwino kuti ine ndinkaganiza kuti katemera ameneyu ndi wa amayi oyembekezera okha, amene amalandira kusikelo. Namwino anaseka pang'ono n'kundifunsa ngati msomali umasankha phazi la mayi.

Lero ndili bwino. Nzimbe ndikudya, kumunda ndikulima, ngakhale msana umauma kukazizira ndipo chitseko chikamenyeka mwadzidzidzi thupi limanjenjemerabe. Mpikisano wa mnyamata wathu uja ndinadzauonera pafoni patapita miyezi, nditatsekeratu mawu. Kwa anzanga alimi, akabaza ndi amisiri, ndikuti mukabayidwa ndi msomali, waya, chitsotso kapena khasu, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera. Musadikire kuti litupe, langa silinatupe. Mukaona munthu nsagwada zauma kapena khosi lakana kutembenuka, musamufunse chimene akuseka.

Holo ndinatsegulanso. Mwezi wathawu, pa mpira wina waukulu, ndinaona mlimi wina wa ku Mpingu akulowa motsimphina, phazi atamanga kansanza konunkha mafuta a mabuleki. Nditamufunsa anati ndi waya waminga chabe, apita kuchipatala mpira ukatha, mwinanso mawa. Ndinapita kutsogolo n'kuzimitsa kanema. Anthu anayamba kulalata, koma ndinawauza kuti kanemayo sayakanso mpaka munthuyu atanyamuka. Kenako a Kamwendo anaimirira, ndipo ndi mawu awo onse aja anaitana wa kabaza amene anali panja. Anyamata omwe aja anaseka wopalasa njinga wa pa Olimpiki ndiwo anamunyamula bamboyo n'kumukhazika pakaliyala. Ndinaima pakhomo mpaka njinga itakhotera njira ya kuchipatala, ndipo pamenepo m'pamene ndinakayatsa kanema.