Mayi a Beseni ndi Dalaivala wa Lole

Achemwali anga agwira ntchito m'wodi ya amuna zaka makumi awiri. Si namwino ayi. Iwo ndi aja osambitsa odwala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kukataya zimene anthu ophunzira safuna kuziona. Odwala amangowatcha Mayi a Beseni.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata woti wayamba kale kumeta ndevu. Dalaivala wa lole, ataledzera, anamugunda ali pa njinga dzuwa likuswa mtengo, n'kuthawa. Mwanayo anafera pomwepo. Dalaivalayo apolisi anamugwira ndithu, koma mboni zinasowa, mlandu n'kuzizira. Patatha miyezi itatu tinamuona akuliza hutala mumsewu womwewo, akuseka ndi anzake.

Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinkafuna munthu ameneyo awole ali moyo. Achemwali sanatukwane. M'mawa uliwonse ankagwada pambali pa bedi la mwanayo n'kumuuza Yesu zonse ngati akuuza mnansi, mpaka zoti nsapato za malemuyo akulephera kupatsa munthu. Akadzuka pamenepo m'pamene tiyi ankalowa kukhosi. Ndikawafunsa ngati Mulungu wawoyo anapita kutchuthi, ankati mlanduwo anausiya kwa woweruza amene mboni sizimusowa, ndipo n'chifukwa chake ankapeza tulo.

Chaka chatha dalaivala uja anamubweretsa m'wodi mwawo atafa mbali imodzi, kukamwa kutapotoka, dovu likuyenderera. Abale ake anabwera sabata yoyamba yokha.

Nditamva, ndinavina ndekha m'khitchini. Nthawi yoona odwala itakwana ndinathamangira kuchipatala n'kuwakokera achemwali kuseri kwa chitseko. Ndinawauza kuti Mulungu wachita mbali yake, yatsala yawo. Asamutembenuze, amusiye m'mkodzo wake, zilonda zimudye mpaka pafupa. Akanadziwa ndani? Odwala makumi anayi, osambitsa awiri okha. Nditawayang'ana kumaso achemwali, ndinadziwa kuti nawonso anali ataziganizapo.

Sindinachoke. Ndinkafuna kuona ndi maso anga chimene achite. Anatunga madzi n'kuwayesa ndi chigongono ngati osambitsira khanda. Anatseka katani, ine ndili m'kati momwemo, n'kumuvula. Anamupukuta kumaso, m'khosi, m'khwapa, osamumwetulira, komanso osamupweteka. 

Munthuyo anali atawazindikira kalekale. Anawagwira mkono ndi dzanja lake lamoyolo, n'kulankhula movutikira, lilime likumulemera.

"Mayi, ndikhululukireni."

Ndinapenyetsetsa. Ndinkafuna amumenye mbama. Chimene ndinkaopa ndi mawu otsekemera aja oti zonse zinatha, chifukwa akanati atero, ine ndi achemwali tikanadana tsiku lomwelo. Iwo anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kuliika pa bulangeti.

"Bambo, tsiku lililonse ndimapempha Ambuye mphamvu zoti ndikukhululukireni. Mpaka lero andipatsa zokusambitsani zokha. Dikirani ndikutembenuzeni, kumsana sindinapukute."

Anamutembenuza bwinobwino, n'kumuika mtsamiro pakati pa maondo. Munthu wamkulu uja analira nkhope ili kukhoma mpaka nsalu ya pabedi inanyowa, ndipo ine, Mulungu andichitire chifundo, ndinakondwera ndi msozi uliwonse.