Khasu la Masewera Lasandutsa Amayi Anga Mfiti

Amayi anga akutchedwa mfiti ku Ntengo-Wambalame chifukwa cha ntchito imene ndinalipira ndekha pa loja, kasitolo ka fotokopya, ku vila, tauni ya Tsangano. Dzina la lojayo sinditchula. Mwini wake amadzitcha Tekiniko, ndipo aliyense amene anajambulitsapo chithunzi cha chiphaso akuwadziwa. Werengani izi musanapitenso kumeneko ndi nkhope ya m'bale wanu.

Ndiyambe ndi masewerawo, poti ambiri mwamva kale zopotoka. Ine ndine mphunzitsi. Lamulungu masana timasewera pa foni anthu angapo: ine, msuweni wanga Jeremiya amene amakhala ku Tete, mnzathu wina wolangiza alimi a fodya ku Chidzolomondo, ndi ena. Ndi nthano yopeka pamodzi. Aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, ndipo munthuyo ali ndi fisha, tsamba la pa intaneti lolembapo dzina lake, mphamvu zake ndi zida zake. Jeremiya ndiye amatsogolera nkhani. Ukafuna kumenya chilombo umaponya madadu, timiyala ta manambala ta mufoni momwemo, nambala n'kunena ngati wamenya kapena waphonya. Basi. Palibe magazi, palibe manda, palibe chizimba.

Munthu wanga ndi mlimi wankhondo. Anzanga onse ali ndi malupanga a m'mafilimu, ine ndinafuna chida cha kwathu. Jeremiya anavomera kuti ndipange khasu lamatsenga. Tinalitcha Khasu la Chilala, loti likakhudza mdani limayamwa mphamvu zake n'kuzipatsa mwini khasu. Vuto ndi loti chida chopanga wekha sungachilowetse pa fisha ndi foni. Pamafunika komputadoro. Ndipo komputadoro yoyaka kuno kwathu ili kwa a Tekiniko.

Ndinajambula khasu la malemu bambo anga, lakuda, lolemera, losulidwa ku chitsulo cha galimoto. Amayi analigwira kuti liime bwino. Ankaseka, akuti mwana wophunzira chonchi koma kujambula khasu.

Loweruka m'mawa, novi ora, 9 koloko, ndinali pa loja. A Tekiniko anali kuthira nyimbo m'makadi a anthu. Ndinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Atandiyang'ana ndinawatsegulira fisha yanga, ndinawapatsa mawu onse a m'Chipwitikizi ofotokoza khasulo, ndinawatumizira chithunzi. Ndinawauza momveka, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe: "Amayiwo muwachotse pachithunzipo. Patsale khasu lokha."

"Sem problema, a Profesoro. Zimenezi n'zazing'ono kwa ine."

Ndinabwereza. Anakwiya. Anati kodi ndimawaphunzitsa ntchito? Anati neti yavuta, ndisiye, achita madzulo. Ndinalipira mameticais 150 n'kukwera shapa, kaminibasi kaja, kubwerera kwathu. Lamulungu nditatsegula fisha, khasu linalipo, lokhalokha, lokongola. Ndinawayamikira mumtima. Tinasewera mpaka mega za neti kutha.

Lachiwiri amayi anabwera kuchokera ku bomba, mjigo umene timatungako madzi. Anati atafika, azimayi anachotsa zidebe zawo pamzere n'kuwasiyira njira. "Tungani, tungani inuyo, ife tidikira." Amayi anayesa ulemu. Koma palibe amene anawathandiza kusenza. Lachitatu wogula mbatatesi amene amabwera ndi galimoto chaka chilichonse anadutsa pakhomo pathu osaima, matumba ali poyera.

Lachinayi mphunzitsi mnzanga anandikokera kuseri kwa kalasi n'kundionetsa foni yake.

Amayi anga. Nkhope yonse, chitenje chawo cha ku mpingo, khasu m'manja. Maso awafiiritsa ngati makala. Kumbuyo kwawo aikako utsi ndi mphezi. Pansi pake mawu anga aja, owatembenuzira m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu: KHASU LA CHILALA, LIMAYAMWA MPHAMVU ZA MNZAKO N'KUPATSA MWINI WAKE. Pansi penipeni: ZIDA ZAMATSENGA TIMAIKA PANO, MTENGO WABWINO. Mawu oti masewera palibe paliponse.

A Tekiniko anachiika pa esitadu ya foni yawo, paja pamene aliyense wokhala ndi nambala yawo amaona. Ndipo ndani alibe nambala yawo m'boma lino? Chinachoka apo, chinalowa gulu la mpingo, gulu la alimi, gulu la makolo a pa sikola.

Tsono ganizirani. Chaka chino chiwawu chatentha mbatatesi za mudzi wonse. Munda wa amayi unapulumuka chifukwa ndinawagulira mankhwala opopera ndi malipiro anga, ndipo anabzala msanga. Munthu amene munda wake wapsa, mnzake wa m'malire wakolola matumba, ndiye mukumuonetsa chithunzi cha mnzakeyo ali maso psuu, atagwira khasu loyamwa mphamvu. Mukuti aganiza chiyani? Aganiza za madadu?

Lachinayi lomwelo ndinapempha nthawi kwa a diretoro, akulu a pa sikola, n'kuthamangira ku vila. Ndisanalowe n'komwe, chithunzi chomwecho chili pachitseko cha loja, chachikulu, chokutidwa pulasitiki kuti mvula isachiwononge. Anthu ataima akuwerenga. Wina akulozera mnzake, akutchula dzina la amayi: "Awa si aNambewe a ku Ntengo awa?"

Ndinachikanganula n'kulowa nacho.

"A Profesoro, mukuwononga katundu wa loja."

"Ndinakuuzani chiyani za amayi anga?"

"Pa fisha yanu alipo? Palibe. Ntchito yanu ndinagwira bwinobwino. Ichi ndi publisidadi yanga, yoitanira malonda, n'china."

"Ndani anakulolani?"

Anaseka. Anati chithunzi chikalowa mu komputadoro yawo ndi cha loja. Anati khasu lokha silikanakopa anthu, pamafunika nkhope, ndipo amayi anga ali ndi nkhope yabwino ya zimenezi. Nkhope yabwino ya zimenezi! Munthu wobatizidwa, woimba kwaya kuyambira ine ndisanabadwe.

Ndinawauza za ku bomba. Ndinawauza za wogula mbatatesi. Ndinati achotse pa foni, alembe kuti anali masewera, apepese.

"Kalma, mtima pansi, a Profesoro. Esitadu imafufutika yokha likatha tsiku. Inafufutika kale. Zimene anthu atumizirana si mlandu wanga."

"Lembani china chotsutsa."

"Imeneyo ndi ntchito ina. Ili ndi mtengo wake."

Mwamva? Ndilipire kuti munthu azime moto umene wayatsa yekha padenga la amayi anga. Ndiye akundinyadira kuti malonda ayenda. Akuti dzulo lake kunabwera bambo wina kuchokera ku Macanga, ulendo wonsewo pa njinga yamoto, kudzafunsa mtengo wa khasu lotere loti akalimire fodya. Ndinafunsa kuti munawauza kuti n'zamasewera? Akuti ayi, anangowauza kuti zatha, abwere mwezi wamawa. Akunena akupukuta misozi ya kuseka.

Potuluka anandiponyera mawu amene mpaka pano akundilira m'khutu. "Komanso a Profesoro, ngati amayi anuwo alibe kanthu, akuopa chiyani?"

Ndikanakhala munthu wa ndewu, bwenzi mukuwerenga nkhani ina. Ndinangotuluka.

Lachisanu masana kunabwera a Bizeki, amene munda wawo unagundana ndi wathu. Ndi munthu wamkulu, anali mnzawo wa bambo. Ankabwereka khasu lomwelo kangati? Anakana mpando. Anaima pabwalo, chipewa osavula.

"Mwana wa mnzanga, ndabwera kudzaona khasu lija."

Ndinalitulutsa. Sanalikhudze. Ndinati a Bizeki, khalani pansi ndikuonetseni, zonsezi ndi masewera a pa foni. Ndinatsegula fisha. Ndinawaonetsa dzina lopeka, chithunzi cha khasu, manambala. Ndinati onani, ndikafuna kumenya ndimaponya madadu chonchi. Timiyala tija tinagubuduka pagalasi n'kuima.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mumachita kuombeza?"

"Ayi, a Bizeki, ndi nambala chabe."

"Nambalayi ikakwera, mphamvu zikuchoka kwa yani?"

"Kwa chilombo cha m'nthano."

"Chilombocho dzina lake ndani?"

Ndimaphunzitsa ana kuwerenga tsiku ndi tsiku, koma a Bizeki sanandimvetse. Chilichonse chimene ndinafotokoza chinkangothira mafuta. Iwo anati mdzukulu wawo Tereza wayamba kutentha thupi Lachitatu, akufooka, sakudya. Anati mwanayo sabata yatha anadutsa m'munda mwa amayi pothamangitsa mbuzi. Anangoti, "Tiona mmene agonere," n'kumapita.

Amayi anamva zonse ali kukhitchini. Iwo foni yawo ndi ya mabatani, chithunzicho anali asanachione. Anandiuza kuti ndiwaonetse. Ndinakana. Anati, "Ndionetse, nkhope ndi yanga." Anachiyang'ana, anachibweza, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Maso angawa anawatani?" Ndinali ndisanalirepo pamaso pa amayi chimwalirire bambo. Tsiku limenelo ndinalira.

Ena mwandilembera kale kuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, kuti ndinazifuna ndekha ndi masewera achibwana. Chabwino, nenani. Koma ine ndinapempha khasu pa fisha. Sindinapemphe maso ofiira. Sindinapemphe mphezi. Sindinapemphe kuti amayi anga apachikidwe pachitseko ngati mtengo wa fotokopya. Telala ukamupatsa nsalu kuti asoke malaya, amakaiyanika pamsika ndi dzina lako?

Jeremiya wafufuta khasulo pa fisha. Gulu lathu laima kusewera. Zathandiza chiyani? Madzi akatayika saoleka. Mnzathu wa ku Chidzolomondo akuti chithunzicho chafika kale kumeneko, ndipo kumeneko nkhani yakula: akuti gogo wa ku Tsangano amagulitsa makasu oterewa kudzera pa intaneti.

Tsono a Tekiniko, ndikudziwa mukuwerenga, poti mumakonda kuona dzina lanu likuyenda. Ndiyankheni pano, pagulu.

Ndani anakupatsani chilolezo choika nkhope ya amayi anga pa malonda anu? Zithunzi za ziphaso za anthu onse a boma lino zili mu komputadoro yanuyo, mawa mufiiritsa maso a yani? Munabadwira kuno, mukudziwa chimene chimachitikira mayi wamasiye akalozedwa chala. Munaiwala, kapena munaona kuti n'zoseketsa?

Ndalama zanga sindikuzifuna, idyani. Ndikufuna mulembe pa esitadu yomweyo kuti chithunzicho munachipanga ndinu pa komputadoro, ndipo aNambewe sadziwa kanthu. Ndikufuna mubwere ku Ntengo-Wambalame ndi komputadoro yanuyo, muime pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka, muwaonetse chithunzi chenicheni chija amayi akuseka, muwaonetsenso mmene munafiiritsira maso. Afiiritseni a Bizeki maso pa chithunzi pomwepo iwo akuona, mwina akhulupirira. Shapa ndikulipirirani ine. Ine akundikana chifukwa ndine mwana wa aNambewe. Inu mwina akumverani.

Inu nonse amene munatumizira mnzanu chithunzicho ndi tizithunzi toseka, tumizaninso izi. Ndipo amene muli ndi chithunzi cha mayi anu, agogo anu, mwana wanu m'makina a munthu ameneyu, pitani mukaimirire pambali pake mpaka achifufute inu mukuona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malume anga a ku Ntcheu aimba dzulo. Akuti ndiwaolotse amayi malire msanga, akakhale kumeneko mpaka zizizire. Ndinawauza amayi. Anapukusa mutu.

"Nthawi ya nkhondo ndinathawa mfuti ndi mkulu wako kumsana, ndinakhala m'misasa ya eni zaka zonse zija. Nditabwerera ndinalumbira kuti pano ndidzachoka m'bokosi. Lero ndithawe chithunzi?"

Ndawachonderera, ndagwada. Akana.

Lero m'mawa Tereza amutengera kuchipatala pa njinga yamoto, mutu uli lende pamsana pa mayi ake. Ndikupemphera kuti akhale malungo wamba, amubaye jakisoni, abwere akuseka. Sindinapempherepo mwana wa munthu wina chonchi.

Amuna a m'mudzi sanapite kumunda. Akhala pansi pa mtengo wa bulugamu kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi nyumba yathu. Sakusewera bawo. Sakulankhula mokweza. Ena ndi makolo a ana amene ndimawaphunzitsa, ndawapatsa moni, ayankha ndi mutu wokha. Amayi ali pakhonde akusola nyemba, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ine ndakhala pakhomo, pakati pa iwo ndi msewu.

Njinga yamoto ija sinabwerebe. A Tekiniko, foni yanu ikuitana. Yankhani.